Burashi Imene Ndinaikwirira ku Ealing

Iwe Tadala, bweza kaburashi ako m'kabokosi mwake. Bweza bwinobwino, nsonga ilowere uko kuli kansalu. Si kopakira zodzoladzola zanu za m'zikopezo ayi. Ndakuona kalekale ukukatembenuza m'manja ngati chotola pamsewu. Khalani pansi nonse, ndi iwe Mphatso, foniyo uivundikire patebulo. Mukudabwa kuti nkhalamba yosadziwa kulemba ngakhale dzina lake ikusungiranji burashi ya ku Japan pansi pa nsalu zake zopitira kutchalitchi? Ndikuuzani. Mukandiyankha m'Chingerezi chanucho palibe mlandu, bola makutuwo akhale a Chichewa.

Ine ndinafika mu London muno zaka za m'ma sevente, kutsatira agogo anu aamuna, malemu aMwale. Iwo anali mphunzitsi kumudzi, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko. Masiku amenewo pakamwa potero pankagonetsa munthu kundende. Anathawira ku Chipata, ine pambuyo pawo ndi mwana kumbuyo, kenako ku Lusaka, kenako kuno. Mwana amene ndinaberekayo kuno sanafike. Dzina lake anali Chisomo, woyamba wanga, azakhali anu amene simunawaone. Chikuku chinamutenga ku Chipata ali ndi zaka ziwiri. Mumusunge mumtima Chisomoyo, tibwerera kwa iye.

Barking ya nthawi imeneyo si iyi mukuidziwa inu, ya mashopu a mafuta a tsitsi ndi matchalitchi a ng'oma. Ukaona munthu wakuda tsidya la msewu unkawoloka kukamupatsa moni, ngakhale akhale wa ku Ghana. Fulati yathu inali pamwamba, yonunkha hita ya parafini, ndipo zovala zonse zinkanunkha parafiniyo mpaka m'tchalitchi. Agogo anu ankagwira ntchito yosankha makalata, masana n'kumalemba zandale zawo zosatha. Ine ndinkangoyang'ana pazenera ngati nkhuku yomangidwa mwendo.

Amene anandipezera ntchito ndi amake Misozi, mayi wa ku Zambia wokhala ku Peckham, amene tinkapemphera naye limodzi. Anati kuli mayi wina wa ku Japan ku Ealing, wamasiye, akufuna womukonzera m'nyumba. Ulendo wake unali wa sitima imodzi, ya mzere wobiriwira ija, kukwera pano n'kukhala mpaka sitimayo itatopa. Koma sitima zobiriwirazo sizipita kumodzi, ndipo ine zolemba kutsogolo kwake sindinkaziwerenga. Tsiku loyamba ndinakapezeka ku Wimbledon. Agogo anu anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandijambulira pachikhatho chilembo chooneka ngati chipeso cha mano atatu. Anati, "Nambewe, ukaona chipeso ichi kutsogolo kwa sitima, kwera." Chilembo chimenecho ndi chokhacho chimene ndimachidziwa mpaka lero. Inu mumangofunsa foni, foni n'kukuuzani ndi pulatifomu yomwe.

Mayiwo dzina lawo linali Haruko. Anali aafupi kuposa iwe Mphatso, tsitsi la imvi lomangidwa kumbuyo, msana wowongoka ngati nsungwi. Mwamuna wawo anali Mngelezi, ndipo anali atamwalira ine ndisanafike. Ankanditchula kuti Esi-san, chifukwa Esinati linkawavuta. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka, changa chothyokathyoka kuposa pamenepo, ndiye tinkamvana bwino kwambiri. Ntchito yawo inali kujambula ndi inki yakuda yokhayokha papepala lopyapyala. Nsungwi, mbalame, mapiri a nkhungu. Utoto wina ayi, wakuda basi, koma ukayang'anitsitsa unkaona kuti kuda kuli ndi mitundu yambiri kuposa zitenje za pamsika.

Tsiku lachitatu ndinapalamula. Ndinapeza maburashi asanu ali pambali pa sinki, akuda bii. Ndinati apa ndionetse kuti ndinaleredwa. Ndinatereka ketulo, ndinathira madzi owira m'beseni, sopo wa mbale, n'kuwachapa ngati masokosi a agogo anu. Burashi imodzi ubweya wake unazuka wonse ngati nthenga za nkhuku yoviikidwa m'madzi otentha. Otsalawo ndinawaimika m'kapu, mitu m'mwamba, kuti aume. Mayi Haruko atalowa anakuwa mawu a kwawo amene sindinawafunse tanthauzo mpaka imfa yawo. Ndinayamba kuvula epuloni, ndikudziwa kuti ntchito yathera pomwepo. Iwo anandigwira dzanja, n'kundikokera pasinki paja. Anatsegula madzi ozizira. Anandionetsa kutsuka ndi zala zokha, pang'onopang'ono, ngati ukusambitsa mutu wa khanda, mpaka madzi atayera. Kenako kusongola nsonga ndi zala ziwiri, n'kukoloweka burashiyo mutu pansi ngati mleme, kuti madzi asalowe m'thunthu n'kuwoletsa guluu.

Kuyambira pamenepo anayamba kundiphunzitsa. Inki yawo sinkabwera m'botolo ayi. Kanali kamtanda kolimba ka mwaye wosakaniza ndi guluu, ndipo unkakapera pamwala wosalala ndi timadzi pang'ono. Ine amene ndinakulira pamphero, ntchito imeneyo inandikhala tsiku lomwelo. Anati dzanja langa ndi loleza kuposa la azimayi achizungu amene ankabwera Lachinayi kudzaphunzira.

Maburashiwo anali ndi mayina awo a Chijapani, koma ine ndinawapatsa anga. Yaikulu imene ankaigwira tsiku lililonse, iwo ankati tsuketate, ine ndinkati Apongozi, chifukwa kunja inali ya ubweya wofewa wa mbuzi yoyera, koma m'kati munabisala tsitsi la hatchi lolimba. Kunja kumwetulira, m'kati msana. Imeneyo ankaiviika m'madzi, kenako mu inki yotuwa, kenako nsonga yokha mu inki yakuda, n'kuigoneka papepala kamodzi kokha, tsee, ndiye uone thunthu la nsungwi latuluka, mbali ina mthunzi mbali ina dzuwa. Kubwereza kunalibe. Ukalakwa wataya pepala.

Panali kena kowonda ngati udzu wa tsekera, kopangidwa ndi mchira wa kanyama konga likongwe. Iwo ankati menso. Ankajambulira nsidze za munthu, ndevu za mphaka, mitsempha ya tsamba. Ine ndinkati Kamiseche, poti kankalowa paliponse. Nditawafotokozera tanthauzo lake anaseka atabisa pakamwa ndi dzanja, monga mwa chizolowezi chawo, n'kunena kuti pakati pa ophunzira awo a Lachinayi pali wina woyenera dzina lomwelo.

Ina inali yophwatalala ngati chikhatho, ubweya wa mbuzi wosokerera pakathabwa, yonyowetsera pepala ndi kukokera nkhungu. Ndikaiona ikuyenda ndinkakumbuka amayi anga akuzira pakhonde. Ina inali timaburashi tisanu tomangidwa mondondozana ngati bango la mphasa, tonse kupita kumene dzanja limodzi laloza. Imeneyo ndinaitcha Mitala. Usaseke Tadala, agogo a agogo ako anali ndi akazi atatu. Panalinso ya ubweya wa gwape wa kwawoko, yokhakhala ngati tsache lotha, yojambulira miyala ndi makungwa. Koma imene ndinkaikonda ine inali yaifupi, yonenepa, imene inki sinkailawa n'komwe. Inkangonyamula madzi oyera, n'kumadutsa m'malire mwa chakuda ndi choyera kuti zisayang'anizane mwaukali. Imeneyo ndinkati Ankhoswe.

Patapita chaka tinali ndi masewera athu. Ndikamaliza kukolopa ankanditsinzinitsa, n'kundidutsitsa burashi kuseri kwa dzanja. Ine n'kunena: mbuzi. Hatchi. Likongwe. Mphaka, inde, analinso ndi ya ubweya wa mphaka woyera. Sindinkaphonya. Munthu amene anakula akusenda mbewa ndi kukama mbuzi, ubweya sumusokoneza. Azimayi a Lachinayi aja, ndi madigiri awo, ankangoti zonse ndi zofewa.

Tsopano tifike pachaka chimene dzuwa linawotcha dziko lino mpaka udzu wa m'mapaki unafiira ngati kwathu mu Okutobala. Mvula inasowa miyezi. Ine ndinali ndi pakati pa bambo anu, pa miyezi inayi. Tsiku lina mu Ogasiti, Mayi Haruko anatsitsa kabokosi kathabwa loyera pashelefu ya kuchipinda kwawo, pamene ndinkaloledwa kupukuta fumbi koma osatsegula kanthu. Anati, "Esi-san, tsinzina." Ndinatsinzina. Chinthu chinadutsa padzanja langa, chofewa kuposa mbuzi, kuposa mphaka. Ndinati bwerezani. Anabwereza. Ndinati, "Mayi, nyama iyi sindikuidziwa."

Anati, "Si nyama. Ndi mwana wanga, Kenji. Tsitsi lake loyamba."

Ndinafunsa kuti ali kuti mwanayo. Analoza kumwamba ndi chala, n'kutseka kabokosi.

Ana inu, thupi langa lonse linachita tsembwe. Kwathu tsitsi la munthu silisungidwa. Khanda likatuluka m'chikuta timalimeta, tsitsilo anamwino akale ankalikwirira pamalo podziwa iwo okha, kuopa anthu oipa mtima. Maliro akachitika, pakapita masiku timameta tonse, tsitsi n'kupita m'nthaka, kuti wopitayo apite ndipo otsala atsale. Ndiye pano munthu wasunga tsitsi la mwana wakufa m'bokosi, walimangirira pamtengo, ndipo wandikhudzitsa ine wapakati.

Sabata imeneyo ndinaona zina. Kabokosi kaja anakaika patebulo, pambali pake kambale ka mpunga ndi kapu ya madzi. Anayatsa lubani. Sankajambula, sankadya, ankangokhala chogwada n'kumayankhula motsitsa ndi kabokosiko. Pofika Lachinayi anabweza ophunzira pakhomo. Nkhope inagwa.

Ndinakawauza amake Misozi. Anagwira m'mutu. Anati, "Iwe Esinati, uzafa! Ivo ni vizimba. Uli na mimba, ugwila sisi ya mwana wakufa? Choka pa nchito paja!" Agogo anu nditawauza anangoti, "Nambewe, za anthu a ku Japan zisiyire anthu a ku Japan," n'kubwerera ku mapepala awo.

Kunena zoona, mantha ndinali nawo, koma chimene chinandikankha kwambiri chinali chisoni. Ndinkati mayi awa maliro a mwana wawo sanamete. Alibe mlongo kuno, alibe azakhali, palibe wowagwira dzanja n'kuwauza kuti basi, mwanayo mulekeni agone. Ndinati ntchito imeneyi ndiigwira ine. Ndinadziona wanzeru kwambiri tsiku limenelo.

Lachisanu masana anapita kwa dokotala. Ndinatenga kabokosi kaja, ndinang'amba kansalu ku chitenje changa n'kukakulunga monga tikulungira wopita. Kuseri kwa nyumba kunali mtengo wa maapozi. Nthaka inali gwa ngati simenti, ndinakumba ndi kafosholo ka maluwa mpaka matuza. Ndinakakwirira, ndinapemphera Atate Wathu, ndinasalaza pamwamba, n'kupita kukakwera sitima mtima uli mbee.

Kumapeto kwa sabata komweko mvula inabwera. Inagwa ngati chizimalupsa, anthu a mu Barking anatuluka m'misewu osafunda, ana akuvina m'zithaphwi. Lolemba kunali holide, ndipo inagwabe. Ine ndinati ngakhale kumwamba kwavomera.

Lachiwiri nditafika ku Ealing ndinapeza chitseko chosakhoma. M'nyumba munali ngati mwadutsa akuba. Madirowa onse pansi, mapepala mbwee, bini ya kukhitchini yokhuthulidwa pakapeti. Mayi Haruko anali atakhala pansi pakati pa zinyalalazo, atavala zomwe ndinawasiya nazo Lachisanu. Sanandifunse kanthu. Sanandiganizire n'komwe. Anati, "Esi-san, mutu wanga watha. Ndamutaya ndekha. Mwina ndinamuika m'bini, ndipo agalimoto ya zinyalala anabwera Loweruka."

Kenako anandiuza zimene sindinkadziwa. Nthawi ya nkhondo moto unagwa kuchokera kumwamba pamzinda wawo. Iwo anali kuntchito kufakitale. Nyumba inapsa, mwamuna wawo woyamba anali atafera kale kunkhondo, ndipo Kenji, wa zaka zinayi, anali m'nyumbamo ndi agogo ake. Sanapeze fupa, sanapeze chithunzi, ngakhale kansapato. Burashi ija inapulumuka chifukwa inali kumudzi kwa amayi awo. Kwawoko mwana akameta koyamba, ena amapangitsa burashi ndi tsitsilo, chifukwa ndi tsitsi lokhalo pamoyo wa munthu limene nsonga yake sinakumanepo ndi lumo. Amalemba dzina la mwana pathunthu, n'kumusungira kuti adzakhale wa dzanja labwino. Ndipo mwezi wa Ogasiti ndi pamene amalandira akufa awo kunyumba masiku ochepa, kuwapatsa mpunga, kucheza nawo, kenako n'kuwaperekeza. Zimene ndinkaziona ngati matenda zija anali mayi akucheza ndi mwana wake.

Anati, "Koyamba ndinamusiya m'nyumba. Kachiwiri ndamuponya m'bini."

Ana inu, apa mpamene ndinayesedwa. Ndikanangokhala chete, palibe akanadziwa. Ntchito ikanakhalapo, ulemu wanga ukanakhalapo, iwo akanapita kumanda akudziimba mlandu. Ndinaima pamenepo, bambo anu akugunda m'mimba koyamba, ngati akuti mayi, nenani. Mawu a Chingerezi anandithawa onse. Ndinangowagwira dzanja, monga anandigwirira pasinki paja, n'kuwatulutsa kuseri.

Pansi pa mtengo panali matope okhaokha. Ndinagwada n'kuyamba kufukula ndi manja. Ndinkangoti Ambuye, isakhale itawola, isakhale itazuka ngati ija ndinaiphika. Kansalu ka chitenje kanatuluka kali chonyowa, kakuda. Atakaona anadziwa mwini wake, poti chitenjecho ndinali nditachimanga m'chiuno. Anandilanda kabokosi. Zolemba za pachivundikiro zinali zitasungunuka, inki itayenderera. Chivundikirocho chinakana kutseguka, thabwa litatupa ndi madzi. Analimbana nacho ndi zikhadabo mpaka chinatseguka. M'kati munali mouma. Thabwa la mtundu umenewo likanyowa limatupa n'kudzitseka lokha, ndicho chifukwa chake amasungiramo zinthu za mtengo wapatali. Burashi inali bwinobwino, nsonga yake yosongoka ngati kale.

Anaigwira pachifuwa. Sanakuwe, sananditukwane. Anandiyang'ana kamodzi, n'kuloza geti.

Ndinakwera sitima matope ali m'mawondo. Agogo anu nditawauza anavula magalasi. Anati, "Nambewe, ine ndinathawa kwathu chifukwa cha anthu odziwa zimene zili zabwino kwa anzawo popanda kuwafunsa." Mawu amenewo anandipweteka kuposa chala cholozera kugeti chija.

Panapita masabata atatu. Tsiku lina m'mawa ndikumva kugogoda. Kutsegula, ndi Mayi Haruko, ambulera m'manja, akupuma mwabefu chifukwa lifiti inali itafa monga mwa masiku onse. Anali asanafikepo ku Barking chibadwire. Anavula nsapato pakhomo, anakhala pampando, tiyi anakana. Anati, "Esi-san, chifukwa chiyani?"

Ndinawafotokozera za kumeta, theka ndi pakamwa theka ndi manja. Kenako, sindikudziwa kuti zinatuluka bwanji, ndinawauza za Chisomo. Kuti tinamuika ku Chipata m'manda a eni ake, tinameta, tsitsi langa ndi lake linapita m'nthaka, zovala zake tinagawa, ndipo patapita mwezi tinakwera basi ya ku Lusaka.

Anafunsa kuti, "Watsala ndi chiyani chake?"

Ndinati palibe. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndi mmene ziyenera kukhalira, koma chimene chinatuluka ndi china. Ndinati, "Mayi, nkhope yake yayamba kundithawa. Ndikatsinzina ndimaona makutu okha." Ndinalira tsiku limenelo kuposa mmene ndinalirira ku Chipata. Iwo anangokhala, osandigwira, osanditonthoza, mpaka ndinamaliza ndekha.

Kenako anati, "Kwathunso maburashi timakwirira. Burashi ikatha ntchito sitiitaya kudzala. Timaithokoza, n'kuiika m'nthaka pakachisi. Sunalakwe kukwirira. Unalakwa tsiku. Iyi ntchito yake sinathe." Anaimirira, n'kuvala nsapato. Ali pakhomo anati, "Apongozi ako auma ndi inki, palibe wowasambitsa bwino. Lolemba." Kenako anayang'ana mimba yanga nthawi yaitali, n'kutsika masitepe.

Bambo anu Limbani anabadwa m'nyengo yozizira, ndi tsitsi lambiri, lofewa ngati la chimanga chanthete. Mchombo utagwa amake Misozi anabwera kuchokera ku Peckham ndi lezala latsopano m'chikwama. Ndinati dikirani. Anati tidikire chiyani? Ndinati litalike. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Chaka chathunthu ndinayenda ndi mwana wosameta, azimayi a kutchalitchi akundinena. "Amake Limbani, lezala ladula kodi? Tisonkhe?" Amake Misozi ankati, "Uyu mwana azakula na nzelu za chi Japan, azayamba kudya na tumitengo." Ine tsitsilo n'kumangolisiya. Mantha ndinali nawo ndithu, usiku ndi usana ndinkamugwira pamphumi kuona ngati watentha, ndikuti mwina ndalakwira makolo. Koma mwanayo ankangonenepa.

Atakwanitsa chaka ndinamutengera ku Ealing. Mayi Haruko anamugwira pamiyendo, ine ndinadula ndi sizasi yawo. Tsitsilo tinaligawa pawiri. Theka ndinalikwirira ndekha pansi pa mtengo wa maapozi uja, pamalo pomwe paja, kuti a kwathu asadandaule. Theka analikulunga m'pepala n'kulitumiza kwa mmisiri wa maburashi kwawo. Linatenga miyezi. Litabwera litasanduka burashi iyi, m'phukusimo munali kalata imene anandiwerengera akuseka: mmisiriyo ankati pa zaka zake zonse sanakumanepo ndi tsitsi lamakani chotere, waliwongola ndi phulusa lotentha katatu koma likubwerera. Tayang'anani nsongayo, mukuona yapindika pang'ono? Ndi makani a kwa aMwale amenewo. Zolemba zili pathunthuzo ndi dzina la bambo anu m'zilembo za kwawoko. Nazonso sindiziwerenga, koma ndimazidziwa ndi chala.

Ndinagwira ntchito kwa mayi aja zaka zina zisanu ndi zitatu. Ogasiti aliyense ankatsitsa kabokosi ka Kenji, ndipo kuyambira chaka chotsatira patebulo paja pankakhala timbale tiwiri ta mpunga. Sanandifunse, ine sindinawafunse. Ndinkangodziwa kuti kenako ndi ka Chisomo.

Atadwala matenda awo omaliza, m'zaka za m'ma eyite, anandiitanitsa kuchipatala. Maburashi onse anali atagawira ophunzira, Ankhoswe okha anandisungira ine, ali m'dirowa umo mpaka lero. Kabokosi kothimbirira kaja kanali pambali pa pilo. Anali atawonda, mawu akutuluka movutikira, koma maso anali akuseka. Anati, "Esi-san, iwe wokonda kukwirira zinthu za eni. Tsopano ntchito yake yatha. Udzandiike nayo m'manja." Ndipo ndinatero. Tsiku lowaperekeza ndinaitulutsa m'kabokosi, ndinaidutsitsa kuseri kwa dzanja langa kamodzi, n'kuifumbatitsa m'zala zawo.

Ndiye iwe Tadala, kamene umafuna kupakira m'zikope ndi kameneko. Bambo anu akabwera kudzakutengani madzulo ano, muwayang'ane bwino pamutu pamene pakuwala ngati mbale ya galasi paja, koma musaseke, ndi bambo anu. Tsitsi lonse limene latsala la Limbani padziko lino ndi ili lili m'manja mwakoli. Tatsinzina, bweretsa dzanja. Wamva kufewa kwake? Eya. Tsopano ndipatse, nditseke ndekha.